Khasu Loyenera Mmisiri wa Timadontho

Chaka ndi chaka, mayeso a Fomu 4 akangotha, timaona anyamata ndi atsikana ambiri atakhala pakhomo kudikira zotsatira, ndipo zotsatirazo zikatuluka ambiri a iwo amayambanso kudikira china. Pakati pawo pali ena a dzanja lojambula, aja ankadzaza zikuto za makope ndi zithunzi pamene mphunzitsi anali kalikiriki kulemba pabolodi. Ana oterewa akayandikira kompyuta, kaya ndi ya kusukulu, ya mbale wawo kapena ya pamalo olipira, funso lawo loyamba limakhala lakuti: kodi ndipeze pulogalamu iti? Yankho limene amalandira kwa anzawo nalo silisintha: popanda Photoshop palibe chimene ungachite. Motero wina amagwa ulesi asanayambe, wina amakagula pulogalamu yakuba kwa wokonza makompyuta, ndipo wina amatha miyezi akuloweza mabatani mazanamazana amene sadzawagwiritsa konse ntchito.

Ife tikuti yankho limeneli n'lolakwika, ndipo pa mtundu wa luso umene tifuna kukamba lero m'ngodya ino n'lolakwika kotheratu.

Luso tikunenali ndi lija eni ake amalitcha pixel art. Chithunzi chilichonse chooneka pa sikirini ya kompyuta kapena ya foni chinapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, kabokosi kalikonse ndi mtundu wake umodzi. Kabokosi kameneka ndiko pikiselo. Chithunzi chotoledwa ndi kamera ya foni chimakhala ndi mapikiselo mamiliyoni, ndipo palibe munthu amene amasankha mtundu wa ngakhale kamodzi. Makina ndiwo amagawa. Koma m'luso tikunenali timabokosi timakhala towerengeka, mwina 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, mwina 32 kwa 32, ndipo mmisiri amaika kadontho kalikonse ndi dzanja lake, akudziwa chifukwa chimene wakaikira pamenepo. Akangosuntha kamodzi kokha, nkhope yosekerera imasanduka yokwiya. Dzina lachingerezilo linayamba kuoneka m'zolemba mu 1982, kuchokera kwa Adele Goldberg ndi Robert Flegal a ku Xerox PARC, ku California. Ife pano tizingoti luso la timadontho.

Amayi amene anaphunzira kupeta nsalu za patebulo powerenga timabowo ta nsaluyo, ndiponso aja otunga mikanda mzere ndi mzere mpaka duwa litaonekera, sangadabwe nalo luso limeneli, pakuti ganizo lake ndi lomwelo. Ngakhale kumene makompyuta anachokera, ntchitoyi inayambira papepala. Mayi Susan Kare, amene anakonza tizithunzi ta pa kompyuta ya Macintosh ya mu 1984, anayamba ndi kope la timabokosi longa lija ophunzira amajambuliramo magirafu a masamu. Kachithunzi kalikonse kanali ndi timabokosi 32 kwa 32, ndiye kuti 1,024, ndipo kabokosi kankayenera kukhala kakuda kapena koyera basi. M'malire amenewo ndimo munatuluka kabini kotayamo zinyalala, kawotchi kouza munthu kuti adikire ndi kakompyuta komwetulira. Makope a mayiwa analowa m'nkhokwe ya Museum of Modern Art ya ku New York mu 2015. Tikutchula zimenezi kuti wachinyamata amene ali ndi kope la masamu ndi pensulo adziwe kuti chida choyamba ali nacho kale.

Malire otere sanali chifuniro cha amisiri akale. Makina a nthawiyo ndiwo sankatha kunyamula zambiri. Game Boy ya kampani ya Nintendo, imene inatuluka ku Japan mu 1989, inali ndi sikirini ya timadontho 160 kwa 144 ndi mitundu 4 yokha, kuyambira wowala kufika wakuda. Pa makina a Famicom a mu 1983, munthu kapena nyama yoyenda m'seweromo inkamangidwa ndi tizidutswa ta timadontho 8 m'lifupi, kachidutswa kalikonse ndi mitundu 3. Mario, uja anayamba kuoneka m'sewero la Donkey Kong mu 1981, anapatsidwa ndevu za pamlomo chifukwa pankhope yaing'ono chotero panalibe malo ojambulapo pakamwa pooneka bwino. Anavekedwa kapusi chifukwa kuyendetsa tsitsi polumpha kukanavuta. Anavekedwa ovolosi ya mtundu wosiyana ndi malaya kuti manja azioneka akamagwedezeka. Shigeru Miyamoto, amene anamulenga, wakhala akufotokoza yekha zimenezi. Lero makina angathe kuonetsa mitundu mamiliyoni, koma amisiri akusankhabe dala malire akalewo, chifukwa apeza kuti chithunzi chamitundu yochepa ndi timadontho towerengeka chili ndi kukongola kwakekwake, komanso munthu mmodzi angathe kujambula sewero lonse popanda gulu la antchito.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Ngati luso lonse lagona pa kuika kadontho kalikonse pamalo pake, ndiye kuti pulogalamu yabwino ndi imene imamvera dzanja la mmisiri osawonjezapo zakezake. Mapulogalamu akuluakulu monga Photoshop, GIMP ndi Krita anapangidwira zithunzi za kamera ndi zojambula zokhala ngati za bulashi, ndipo ntchito imene amaidziwa koposa ndi kubisa timabokosi kuti diso lisatione. Pa zithunzi za ukwati umenewu ndi ukadaulo wotamandika. Pa luso la timadontho ndi kuononga.

Tiyeni tione mmene kuonongako kumachitikira, popeza munthu akamvetsa zimenezi angathe kuweta pulogalamu iliyonse. Mukalemba mzere wakuda pamalo oyera ndi bulashi ya mapulogalamu amenewa, ndiyeno n'kuyandikitsa chithunzi kuti muonetsetse, mudzapeza kuti m'mbali mwa mzerewo muli timadontho totuwa tambirimbiri timene simunaike inu. Pulogalamu yaika yokha pofuna kusalaza mzere, ndipo kusalaza kumeneku kumatchedwa anti-aliasing. Chotero lamulo loyamba n'lakuti bulashi muisiye, mutenge pensulo, muichepetse mpaka izilemba kadontho kamodzi. Chofufutira nacho muchiumitse m'mbali kuti chizifufuta kadontho kathunthu, osati kungokazimiririka. Chidebe chothirira utoto chili ndi nambala imene imachiuza kuti mitundu yofananako ichiyese umodzi. Mu Photoshop nambalayo imatchedwa Tolerance, mu GIMP ndi Threshold. Muitsitse mpaka 0, apo ayi utoto udzasefukira kumene simukufuna. Ndipo pa chida chilichonse chimene pali kabokosi kolembedwa kuti anti-alias, chotsani chizindikirocho. Si ntchito yovuta ayi, koma woyamba kumene sadziwa kuti zimenezi zilipo, ndipo amangoona kuti zojambula zake zikutuluka zachimbuuzi, n'kumaganiza kuti vuto ndi dzanja lake.

Msampha wachiwiri ndiwo wagwetsa ambiri, ndipo umagwira munthu ntchito itatha kale. Chithunzi cha timadontho 32 kwa 32 n'chaching'ono kuposa chikhadabo pa sikirini za masiku ano, motero pofuna kuonetsa anthu muyenera kuchikuza. Komatu pulogalamu ikamakuza chithunzi imafunika kudzaza malo atsopano, ndipo mwachizolowezi imatero posakaniza mitundu ya timadontho toyandikana: pakati pa kakuda ndi koyera imaikapo totuwa, pakati pa kofiira ndi kobiriwira imaikapo mtundu wa matope. Ntchito ya masiku atatu imasungunuka m'kamphindi. Njira yoyenera ndi imene mu Photoshop imatchedwa Nearest Neighbor, pamene mu GIMP mumapita pa Interpolation n'kusankha None. Njira imeneyi sisakaniza kanthu. Imangobwereza kadontho kalikonse monga kalili. Ndiponso pokuza muzichulukitsa ndi nambala yathunthu: kawiri, kanayi, kasanu ndi katatu. Chithunzi cha 32 kwa 32 chikachulukitsidwa ka 8 chimakhala cha 256 kwa 256, kabokosi kalikonse kofanana ndi kanzake. Koma mukachikuza kamodzi ndi theka, kadontho kena kamatenga malo awiri, kanzake malo amodzi, popeza theka la kadontho kulibe, ndipo nkhope imapindika ngati yoonera m'madzi. Aphunzitsi a masamu ali ndi chitsanzo chabwino apa cha kusiyana kwa nambala zathunthu ndi zamagawo, chimene mwana amachiona ndi maso.

Kusunga nako kuli ndi mbuna yake. Fayilo ya mtundu wa JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imachepetsa kulemera kwa chithunzi poduladula chithunzicho m'zigawo za timadontho 8 kwa 8 ndi kutaya tinthu tating'ono timene diso silizindikira pa chithunzi cha kamera. Koma pa luso lathuli tinthu tating'onoto ndito chithunzi chenichenicho. Mukasunga mu JPEG, m'mphepete mwa mizere mumabuka litsiro la mitundu yachilendo, ndipo zotayikazo sizibwereranso. Sungani mu PNG, imene yakhalapo kuyambira 1996 ndipo sitaya kadontho ngakhale kamodzi, komanso imalola kuti kumbuyo kwa chithunzi kukhale kopanda kanthu. Zithunzi zoyenda mungasunge mu GIF, ya mu 1987, imene imanyamula mitundu yosapitirira 256. Kwa mmisiri wa timadontho mitundu imeneyi n'njochuluka kale. Chenjezo lina n'la pa WhatsApp, pamene ambiri amaonetserana ntchito zawo: chithunzi chikatumizidwa monga chithunzi wamba chimafinyidwa panjira, koma chikatumizidwa ngati Document chimafika monga chinachokera. Facebook nayo imafinya. Choncho musanaike ntchito yanu pamalo otere, yambani mwaikuza mwa njira tanena ija, ndipo fayilo yeniyeni yaing'onoyo muisunge padera, makamaka pamalo awiri.

Munthu wodziwa zonsezi angathe kugwira ntchito yabwino mu Photoshop, ndipo alipo amisiri otchuka amene amatero. Koma n'kutenga thirakitala kukapalira dimba la masamba. Kuonjezera apo, kuyambira 2013 kampani ya Adobe inasiya kugulitsa Photoshop yatsopano mogula kamodzi. Tsopano munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo akaleka kulipira chitseko chimatsekeka. Kwa wachinyamata wa kuno, amene ndalama ya dziko lake inachepa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso alibe khadi la kubanki lolipirira kunja, imeneyi si nkhani yoyambira.

Mapulogalamu opangidwira timadontho enieni alipo, ndipo ali ndi mbiri yawo. Kholo lawo tinganene kuti ndi Deluxe Paint, imene Dan Silva analemba ku kampani ya Electronic Arts ndipo inatuluka mu 1985 pa kompyuta ya Amiga. Masewero ambiri a zaka zimenezo anajambulidwa nayo. Masiku ano dzina lomveka kwambiri ndi Aseprite, ntchito ya David Capello wa ku Argentina, imene inayamba kuoneka mu 2001. Nkhani ya pulogalamu imeneyi ndi yofunika kuimva bwino, chifukwa imasokoneza ambiri. Kwa zaka zambiri inali pansi pa chiphaso cha GPL, chimene chimalola aliyense kuitenga, kuisintha ndi kuigawira anzake. Mu 2016 mwini wake anasintha chiphasocho. Malamulo ake olembedwa, amene pulogalamu imapangidwa kuchokera kwa iwo, akali poyera, ndipo munthu wodziwa angathe kudzimangira yake yogwiritsa ntchito yekha popanda kulipira. Koma kugawira ena pulogalamu yomangidwayo n'koletsedwa. Yomangidwa kale imagulidwa kamodzi pa mtengo wa madola pafupifupi 20. Ilipo yoyeserera yaulere, koma silola kusunga chimene mwajambula. Anthu ena amene sanakondwe ndi kusinthako anatenga malamulo a pulogalamuyo monga analili chiphaso chisanasinthe, napitiriza nawo paokha pansi pa dzina la LibreSprite, imene ili yaulere ndiponso yololedwa kugawana.

Sitikumuweruza Capello. Munthu amene watha zaka zambiri akusula chida ali ndi ufulu wodyerapo, ndipo mtengo wake si wankhanza poyerekeza ndi ena. Aseprite yapita patsogolo kuposa LibreSprite m'zinthu zingapo, ndipo amene wayamba kulandira ndalama ndi luso limeneli achita bwino kuigula. Aphunzitsi adziwenso kuti eni ake amalola mphunzitsi wa pasukulu kupempha chiphaso chapadera chogwiritsa ntchito m'kalasi. Koma kwa woyamba kumene, zimene amafuna zonse zili mu LibreSprite: pensulo yosasalaza, mbale ya mitundu yooneka nthawi zonse, magawo osanjikizana, ndi mzere wa zithunzi zotsatizana zopangira kayendedwe. Ife tikanafunsidwa kuti pa makompyuta a sukulu paikidwe iti, tikanatchula imeneyi, kapena Pixelorama, pulogalamu yaulere ya kagulu ka ku Greece kotchedwa Orama Interactive, imene inafika pa nambala 1.0 mu 2024.

Ena tingowatchula mothamanga. Piskel imagwira ntchito pa intaneti popanda kuika kanthu pakompyuta, ndipo ilinso ndi ina yotheka kuitsitsa. GraphicsGale ya ku Japan yakhala yaulere kuyambira 2017, koma ndi ya Windows yokha ndipo maonekedwe ake ndi achikale. GrafX2, imene inayamba mu 1996 potsanzira Deluxe Paint, ndi yopepuka kotero kuti kompyuta yokalamba imainyamula mosavutika. GIMP ndi Krita n'zaulere ndipo n'zamphamvu, bola muziwete monga tafotokozera. Amene ali ndi foni yokha angayambe ndi dotpict kapena Pixel Studio, ngakhale chala chimaphimba kadontho komwe chikufuna kuika, ndipo ntchito yaikulu imatopetsa. Ngakhale Paint ija imabwera ndi Windows si yonyozeka.

Wina angafunse kuti: nanga chida chaulere chingabale ntchito yolemekezeka? Yankho lili ku Seattle, ku America. Eric Barone atamaliza maphunziro a zamakompyuta mu 2011 anasowa ntchito ya maphunziro akewo, motero anayamba kupanga sewero lake yekha uku akugwira ganyu yolandira anthu pa nyumba ya zisudzo. Anatha zaka zinayi ndi theka akulemba malamulo a seweroli, kupeka nyimbo zake ndi kujambula zithunzi zonse. Zithunzizo anajambula ndi Paint.NET, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2004 ngati ntchito ya ophunzira a pa Washington State University. Seweroli, Stardew Valley, linatuluka mu 2016, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 linali litagulidwa koposa ka 40 miliyoni. Chimene tifuna kuti owerenga aone apa si ndalamazo ayi, pakuti mwayi wotere umagwera mmodzi mwa zikwi zambiri. Aone kuti Barone anajambula nkhope za anthu a m'seweromo mobwerezabwereza, kutaya ndi kuyambanso, mpaka dzanja lake litakhwima, ndipo m'zaka zonsezo pulogalamu yake inali yomweyo.

Pa za mapulogalamu akuba tinenepo mosabisa. Tikudziwa kuti ambiri amawatenga chifukwa cha umphawi, osati mwano. Komabe mapulogalamu othyoledwa maloko kawirikawiri amabwera ndi mavairasi, ndipo fulashi imodzi ikazungulira chipinda cha makompyuta a sukulu imatha kudwalitsa onse. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndiponso n'chamanyazi kuti sukulu iphunzitse ana kulemekeza ntchito ya anzawo uku makompyuta ake adzaza zakuba, pamene zida zololedwa, zoyenera ntchitoyo koposa zakubazo, zili chigonere kudikira wozitenga.

Tsopano tibwere pa zimene palibe pulogalamu ingakupatseni. Choyamba ndi kuchepetsa. Woyamba kumene amafuna bwalo lalikulu la timadontho 500 kwa 500, poganiza kuti malo ambiri apeputsa ntchito. Zoona zake n'zakuti bwalo lotero lili ndi timadontho 250,000 toti aliyang'anire. Yambani ndi 16 kwa 16, timadontho 256, ndi mitundu itatu kapena inayi. Dzazani kaye chinthucho ndi mtundu umodzi wakuda, ngati chithunzithunzi cha munthu woima pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwake. Ngati mnzanu sangazindikire kuti ndi nkhuku kapena njinga pa chithunzithunzi chokhacho, mitundu sidzapulumutsa kanthu.

Mizere nayo ili ndi mwambo wake. Popeza timadontho ndi timabokosi, mzere wopendekeka umakhala ngati masitepe, ndipo diso limakondwa masitepewo akakhala ofanana: awiri, awiri, awiri. Akakhala awiri, atatu, limodzi, awiri, mzere umaoneka wogweduka ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe. Pokhota, masitepe azichepa kapena kukula mwadongosolo, monga 4, 2, 1, 1, 2, 4. Dzanja likamathamanga limasiyanso timadontho toonjezera pa makona, timene timanenepetsa mzere pena ndi pena. Aseprite ndi abale ake ali ndi chosankha chotchedwa Pixel-perfect chimene chimachotsa timeneti pamene mukulemba, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zenizeni zosankhira mapulogalamu amenewa.

Pa mitundu ndi pamene mmisiri amadziwikira. Sankhani mitundu yanu musanayambe, ndipo musaonjezere wina popanda chifukwa. Mapulogalamu ambiri ali ndi njira yotchedwa Indexed, imene imamanga chithunzi ku mbale ya mitundu yowerengeka, kotero kuti mukasintha mtundu umodzi pambalepo umasinthika pachithunzi ponse nthawi imodzi. Malaya ofiira a osewera mpira amasanduka obiriwira popanda kujambulanso. Popanga mthunzi musangothira chikuda pa mtundu womwewo, chifukwa chithunzi chimaoneka chakufa. Mthunzi uzipendekera ku buluu kapena pepo, pamene mbali yowala izipendekera ku chikasu, monga momwe phiri limaonekera dzuwa likamalowa. Sankhaninso kumene kuwala kukuchokera, kumanzere kapena kumanja, ndipo musasinthe. Woyamba kumene amakonda kudetsa m'mphepete monse n'kuwalitsa pakati, ndipo chinthu chilichonse chimatuluka chotupa ngati pilo. Pa intaneti pali mbale za mitundu zokonzedwa kale, ndipo pa tsamba la Lospec anasonkhanitsapo zambirimbiri. N'zothandiza, koma posankha onetsetsani ngati mbaleyo ili ndi mitundu yokwanira ya khungu lakuda. Mbale yokhala ndi mtundu umodzi wofiirira singajambule nkhope ya agogo anu. Pafunika itatu kapena inayi yotsatizana, kuyambira wakuda wopendekera ku pepo kufika wowala wopendekera ku kufiira. Ngati mulibe, pangani yanu.

Kuti malire amabala nzeru zinaonekanso posachedwapa. PICO-8, makina ongoyerekeza amene Joseph White anakonza, amalola timadontho 128 kwa 128 ndi mitundu 16 basi. M'menemo Maddy Thorson ndi Noel Berry a ku Canada anapanga kasewero ka mtsikana wokwera phiri m'masiku anayi mu 2015. Kaseweroko ndiko kanakula n'kukhala Celeste ya mu 2018, imene inatamandidwa padziko lonse, ndipo ngakhale itakula chotero bwalo lake ndi la timadontho 320 kwa 180.

Za kuyendetsa zithunzi sitinenapo zambiri lero. N'kokwanira kudziwa kuti zithunzi ziwiri zosinthana zimatha kuphethiritsa diso, zinayi zimayendetsa munthu, ndiponso kuti chida chotchedwa onion skin chimaonetsa chithunzi chapitacho mozimiririka pansi pa chimene mukujambula, kuti mwendo usalumphe malo. Chizolowezi china chofunika n'kuyang'ana ntchito pa msinkhu wake weniweni pafupipafupi, pakuti munthu amajambula atayandikitsa kwambiri, ndipo chooneka bwino chili pafupi chingathe kusokonekera chikabwerera mwakale.

Kwabweranso mapulogalamu amene amalandira chithunzi cha kamera, kapena mawu chabe, n'kutulutsa chinthu cha timabokosi m'kanthawi kochepa. Wachinyamata wothamangira kuonetsa anzake angakopeke nazo. Koma yandikitsani chithunzi choterocho muone: kawirikawiri mitundu imakhala yambirimbiri yosiyana pang'onong'ono, timadontho tina tili patokha popanda ntchito, ndipo nthawi zina timabokosi sitifanana kukula. Wopanga sewero amene akufuna munthu yemweyo ataima, akuyenda, akulumpha, m'mitundu 8 yomweyo, amazindikira msanga kuti chinthucho sichinaikidwe ndi dzanja, ndipo kuchikonza kumafunanso mmisiri wodziwa mizere ndi mitundu. Sitikulonjeza aliyense chuma. Alipo amene amalipidwa pojambulira opanga masewero, ndipo ena amagulitsa mitolo ya zithunzi pa misika ya pa intaneti monga itch.io, koma opikisana nawo ndi ochokera m'maiko onse. Chimene tingalonjeze n'chakuti luso limeneli silifuna kompyuta yamphamvu, mafayilo ake ndi opepuka kotero kuti sadya ndalama za intaneti, ndipo limaphunzitsa diso zinthu zimene zimathandizanso pokonza zikwangwani, zizindikiro za malonda ndi mapatani a nsalu.

Mawu otsala ndi a inu aphunzitsi, makamaka amene mumaphunzitsa zamakompyuta m'sukulu zimene ophunzira asanu kapena khumi amaunjikana pa makina amodzi, magetsi akuthimathima. Phunziro limeneli ndi limodzi mwa ochepa amene theka lake lingachitike kompyuta ili chizimire. Mwana aliyense ajambule bwalo la timabokosi 16 kwa 16 m'kope la masamu, asankhe mitundu itatu, aike nkhuku, mtondo ndi munsi, kapena basi. Lamulo likhale lakuti kabokosi kadzazidwe konse kapena kasiyidwe konse. Kudula kabokosi pakati n'kosaloledwa. Makope aimikidwe pabolodi, kalasi lonse lipite kukhoma lakumbuyo, ndipo anzake anene chimene akuona mwini wake ali chete. Amene chithunzi chake chazindikirika ndiye ayambe kukhala pakompyuta magetsi akayaka, ndipo popeza zoganiza zonse zatha kale papepala, kukopera timadontho 256 sikumutengera nthawi yaitali, mnzake alowepo. Pulogalamu yake muitsitse kamodzi kokha pamene pali intaneti, kuchokera pa tsamba la eni ake, muiike pa fulashi yoyera, ndipo popeza LibreSprite ndi Pixelorama n'zololedwa kugawana, mwana amene kwawo kuli kompyuta muloleni akope apite nayo.